Nzeru za Makono: Laputopu Yakale Ingathe Kugwira Intaneti Popanda Waya

M'makalata amene tilandira masiku ano muli funso limodzi limene liri kubwera kawirikawiri. Makomo ambiri a ku Petauke, Katete, Chadiza, Lundazi ndi kwina tsopano ali ndi kompyuta yaing'ono yopinda ngati buku, imene ichedwa laputopu. Zambiri mwa izo si zatsopano iai. Ina anaisiya mwana amene agwira nchito ku Lusaka kapena ku Migodi, ina inacokera ku Joni m'cikwama ca mlamu, ina inagulidwa pa mtengo wocepa kwa munthu amene anapuma pa nchito. Kuyaka iyaka bwino, kalata ilemba, nyimbo iimba, koma intaneti siigwira. Tsono eni ace afunsa kuti, kodi tiitaye, kapena iripo njira yoithandiza kuti igwire intaneti monga icitira foni?

Yankho lathu ndi lakuti musaitaye. Njira ziripo zingapo, ndipo ina mwa izo siifuna ngakhale ngwee imodzi. Komabe nkhaniyi ifuna kudekha, pakuti anthu ena ataya kale ndalama za nshawa ndi thonje pogula zipangizo zimene sanali kuzisowa.

Nkhani imeneyi si ya masewera. Kuyambira m'caka ca 2015 ana athu a Grade 9 anayamba kulemba mayeso a phunziro la makompyuta, pamene ambiri a iwo anali asanakhudzepo kompyuta kunyumba. Lero lino mwana wofuna malo ku koleji kapena ku University of Zambia, ndiponso wofuna ngongole ya maphunziro, kawirikawiri apemphedwa kudzaza mafomu pa intaneti ndi kutumiza zithunzi za masetifiketi ace. Pa foni yaing'ono nchito yotere ibvuta kwambiri. Mwana amene alibe pocitira ayenera kukwera galimoto kupita ku boma, kulipira pa sitolo yolembera makalata, mwinanso kugona komweko. Laputopu imene iri m'bokosi ingathe kupulumutsa ndalama zonsezo.

Wi-Fi ndi wailesi

Agogo athu akumbukira wailesi yaing'ono imene inafika m'dziko lino m'caka ca 1949, imene Azungu anaicha Saucepan Special cifukwa inali kuoneka ngati sefuliya. Mtengo wace unali mapaundi 5. Anthu anazizwa kumva mau ocokera ku Lusaka alikutuluka m'kabokosi kopanda waya wopita kwina kuli konse. Liu lakuti wailesi licokera ku Cingelezi, ndipo tanthauzo lace ndi lomwelo, cinthu copanda waya. Wi-Fi nayonso ndi wailesi, kungoti m'malo monyamula nyimbo ndi nkhani inyamula zolemba ndi zithunzi, ndipo itumiza ndiponso ilandira.

Pano pali cinthu cimene ambiri asokoneza. Intaneti ifika kwa inu pa maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wautali, wocokera pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel kufika pa foni kapena pa cipangizo cina cimene ciri ndi khadi la SIM. Ulendo waciwiri ndi waufupi, wocokera pa foniyo kufika pa laputopu, ndipo umenewu ndiwo uchedwa Wi-Fi. Mphamvu yace siipita patali. M'nyumba ifika mapazi makumi angapo cabe, ndipo zipupa za njerwa ziicepetsa.

Cotero Wi-Fi iri ngati ndowa, pamene netiweki ya foni ndiye citsime. Kugula ndowa yatsopano sikubweretsa madzi ngati citsime cauma. Musanagule kanthu kali konse, tengani foni imene igwira intaneti, muyende nayo pakhomo panu ndi kuona cizindikiro ca pamwamba pa galasi. Mukaona 4G, zinthu ziri bwino. Mukaona 3G kapena H, nchito idzayenda ndithu ngakhale pang'onopang'ono. Mukaona E yekha, dziwani kuti mafomu adzakutopetsani. Yesaninso makhadi a makampani osiyana, cifukwa m'mudzi umodzi kampani ina igwira bwino pamene ina siigwira. Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994 kudzera ku ZAMNET pa University of Zambia, ndipo kwa zaka zambiri inali ya a m'tauni okha. M'caka ca 2017 Boma linayamba nchito yomanga nsanja zoposa 1,000, makamaka kumidzi, motero malo amene kale munali kukwera pa culu kuti mulankhule angakhale kuti asintha tsopano.

Yambani mwaona cimene muli naco

Safunsa anadya phula. Ambiri amene adandaula kuti laputopu yao iribe Wi-Fi, apezeka kuti iri nayo, koma yazimitsidwa. M'caka ca 2003 kampani ya Intel inatulutsa zipangizo zochedwa Centrino, ndipo kucokera nthawi imeneyo malaputopu ambiri anayamba kupangidwa ali ndi Wi-Fi m'kati mwao. Ngati yanu inapangidwa pambuyo pa caka cimeneco, ciyembekezo ndi cacikulu.

Yang'anani m'mphepete mwace ndi kutsogolo. Malaputopu akale ambiri ali ndi kaswichi kakang'ono kokankha ndi cala, kamene kazima mosadziwika pamene makina ali kulowetsedwa m'cikwama. Ngati kaswichiko palibe, yang'anani mzere wa pamwamba wa mabatani, amene alembedwa F1 kufikira F12. Limodzi la iwo liri ndi cithunzi ca kansanja kotulutsa mafunde, kapena ca ndege. Tsinikizani batani lolembedwa Fn pamodzi ndi limenelo, ndipo muone ngati kanyale kayaka.

Ngati sipaoneka kusintha, mwina casowa ndi kapulogalamu kochedwa dalaiva. Dalaiva ameneyu ndiye womasulira pakati pa Windows ndi cipangizo ciri conse ca m'makina. Kawirikawiri asowa pamene munthu waika Windows yatsopano mofulumira osatsiriza nchito. Amisiri a makompyuta ku Chipata ndi m'maboma ena adziwa kumubweza, ndipo ndi nchito ya mphindi zocepa. Lembani pa pepala dzina la laputopu ndi nambala ya mtundu wace, zimene zipezeka pa kapepala komatidwa kunsi kwace, kuti mmisiri asabvutike kufunafuna.

Njira yoyamba: nthambo ya foni

Iyi ndiyo njira yosalira ndalama. Tengani nthambo ya USB imene muchajira foni, mulumikize foni ku laputopu. Pa foni ya Android lowani pa Settings, mufune mau akuti USB tethering, ndipo muyatse. Foni idzatenga intaneti pa nsanja ndi kuipereka ku laputopu kudzera m'nthamboyo. Njirayi igwira ngakhale Wi-Fi ya laputopu itafa kotheratu, ndipo foni icita kuchajidwa pamene muli kugwira nchito. Makina a Windows 7 ndi ena a pambuyo pace kawirikawiri aizindikira foni okha. A Windows XP afuna dalaiva wapadera.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi. Nthambo zina zochipa zinapangidwa kuti zinyamule magetsi okha, osati mauthenga. Ngati mau a USB tethering akana kuyatsidwa, bwerekani nthambo ina musanaganize kuti makina aonongeka.

Ngati Wi-Fi ya laputopu iri yamoyo, nthambo siifunika nkomwe. Yatsani hotspot pa foni, ndipo dzina la foniyo lidzaoneka pa laputopu. Pali bvuto limodzi limene lisautsa anthu pano. Wi-Fi iyenda makamaka pa misewu iwiri, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Malaputopu akale ambiri adziwa msewu woyamba wokha. Ngati foni yanu yatsopano iri kutumiza pa 5 GHz, laputopu siidzaiona ngakhale ziri pa thebulo limodzi. Sinthani pa foni kuti itumize pa 2.4 GHz.

Njira yaciwiri: kacipangizo ka Wi-Fi

Ngati laputopu iribedi Wi-Fi, kapena yafa, m'masitolo muli kacipangizo kochedwa USB Wi-Fi adapter. Kena ndi kakang'ono ngati cikhadabo ca cala cacikulu, kena kali ndi kamlongoti ngati ka wailesi. Kalowa pa kabowo ka USB, ndipo laputopu iyamba kuona Wi-Fi ya foni, ya kusukulu kapena ya ku ofesi. Makampani monga TP-Link, Tenda ndi D-Link apanga tizipangizo timeneti. Kokhala ndi kamlongoti kagwira patali kuposa kakang'ono kaja, motero ndiko koyenera munthu wokhala pafupi ndi sukulu imene yamlola kugwiritsa nchito Wi-Fi yace.

Werengani bwino pa bokosi. Payenera kulembedwa dzina la Windows imene iri m'makina anu. Funsaninso kuti dalaiva ali kuti, pakuti kawirikawiri abwera pa CD, ndipo malaputopu akale ambiri saathanso kuwerenga CD. Pemphani wogulitsa akuikireni dalaivayo muli pomwepo. Pa bokosi mudzaonanso manambala 802.11 otsatidwa ndi cilembo. Mtundu wa b unatuluka m'caka ca 1999, wa g m'caka ca 2003, wa n m'caka ca 2009. Kwa laputopu yakale mtundu wa n ukwanira bwino lomwe. Musalipire ndalama zambiri pa mitundu yothamanga koposa, cifukwa liwiro limene mudzapeza silingapose limene nsanja ya kwanu ipereka.

Kumbukirani kuti m'kacipangizo aka mulibe khadi la SIM. Paokha sikabweretsa intaneti. Amene akuuzani kuti mukagula kameneka mudzakhala ndi intaneti yaulere kwamuyaya ali kukunamizani.

Kuliponso kusintha kakhadi ka Wi-Fi ka m'kati mwa makina. Nchito imeneyo isiyireni mmisiri. Tiwaya tace ndi tosacedwa kuduka, ndipo malaputopu ena a HP ndi Lenovo akana kuyaka akaikidwa kakhadi kamene sakadziwa.

Njira yacitatu: modemu ndi MiFi

Pa nyumba pamene foni iri imodzi, ndipo bambo acoka nayo kupita kumunda kapena kumsika, pafunika cipangizo cokhala ndi khadi la SIM lacelace. Modemu ya USB ioneka ngati fulashi yaikulu pang'ono. Muika khadi m'kati mwace, muilowetsa pa laputopu, ndipo itenga intaneti pa nsanja mwacindunji. Gulani ya 4G ngati kwanu ifika. Dziwaninso kuti mamodemu ena ndi okhomedwa, ndiye kuti alola khadi la kampani imodzi yokha. Ngati nyumba yanu ndi ya malata ndipo netiweki ibvuta m'kati, gulani nthambo yotalikitsa USB kuti modemu ikhale pa zenera loyang'ana kumene kuli nsanja.

MiFi ndi kabokosi kokhala ngati sopo, kali ndi khadi la SIM ndi batire lace. Katenga intaneti pa nsanja ndi kuigawa pa Wi-Fi kwa anthu angapo nthawi imodzi, kawirikawiri kufikira 10. Aka ndiko koyenera makopaletivu, makalabu a amai ndi aphunzitsi okhala pamalo amodzi, pakuti angathe kusonkherana ndalama za bandulo imodzi yaikulu, imene icepa mtengo kuposa tingapo tating'ono. Mutu umodzi susenza denga. Koma gwirizanani poyamba za amene adzasunga kabokosiko ndi tsiku losonkha, ndipo muzilembe m'buku, kuti cinthu cabwino cisadzetse udani.

Kumalo kumene nsanja sizifika nkomwe kuli Starlink, imene inayamba kugwira nchito m'Zambia mwezi wa October 2023. Imeneyi itenga intaneti kucokera ku makina ouluka kumwamba. Zipangizo zace ndi zodula, ilipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo ifuna magetsi okhazikika. Iyenera sukulu, cipatala kapena kopaletivu yaikulu koposa banja limodzi.

Zimene zisautsa mutalumikiza kale

Coyamba ndi tsiku ndi nthawi. M'kati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama ya citsulo, kamene kasunga kalendala pamene makina azima. Pakapita zaka kabatireka katha mphamvu, ndipo makina abwerera ku caka cakale. Zikatero masamba ambiri a pa intaneti akana kutseguka, nalemba mau ocenjeza za citetezo. Anthu aganiza kuti modemu ndiyo yoipa, pamene cofunika ndi kukonza tsiku pa kona ya kunsi ku dzanja lamanja. Ngati libwereranso m'mbuyo nthawi zonse, mmisiri asinthe kabatireko.

Caciwiri ndi kutha kwa bandulo. Laputopu idya kwambiri kuposa foni. Gigabaiti imodzi ndi mamegabaiti pafupifupi 1,000. Kudzaza fomu ndi kutumiza makalata kudya mamegabaiti ocepa, koma kanema wa ora limodzi angathe kudya mazana angapo. Kuonjezera apo, Windows imene yakhala nthawi yaitali osaona intaneti iyamba kudzikonza yokha mwakacetecete, ndipo ingathe kumaliza gigabaiti yathunthu inu musanacite kanthu. Pa Windows 8, 10 ndi 11 pali mau akuti metered connection. Mukawayatsa, makina adziwa kuti intanetiyo ndi yogula pang'onopang'ono, ndipo aleka kuwawanya. Kudzikonza kuja ndi kofunika ndithu, koma kuciteni pa tsiku limene mwagula bandulo yaikulu kapena muli pa Wi-Fi ya ku boma.

Cacitatu cikhudza inu a m'malire, monga ku Mwami, Vubwi, Chanida ndi mbali zina za Lundazi. Foni kapena modemu nthawi zina isiya nsanja ya kwathu nigwira ya ku Malawi kapena ku Mozambique cifukwa ndiyo iri pafupi. Pamenepo bandulo yanu siigwira nchito, ndipo ndalama za m'foni zingathe kudyedwa pa mtengo wa munthu amene ali kunja kwa dziko. Zimitsani data roaming, ndipo musankhe nokha dzina la kampani yanu m'malo molola makina kusankha.

Khomo lotseguka lifuna loko

Laputopu imene siinali pa intaneti inali ngati nyumba yopanda khomo. Tsopano mwaboola khomo, ndipo akuba a masiku ano alowera pomwepo. Kampani ya Microsoft inaleka kuteteza Windows XP pa 8 April 2014, Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha pa 14 October 2025. Pulogalamu ya Chrome, imene ambiri atsegulira masamba, inasiya XP m'caka ca 2016 ndi Windows 7 m'caka ca 2023. Tanthauzo lace ndi lakuti ziboo zimene zipezeka m'makina otere sizitsekedwanso. Tikupemphani kuti pa laputopu ya XP kapena ya Windows 7 musacitirepo za ku banki kapena za ndalama za pa foni.

Mankhwala ace alipo. Kuli mapulogalamu aulere a banja la Linux, monga Linux Mint ndi Lubuntu, amene alowa m'malo mwa Windows. Ndi opepuka, ayenda bwino pa makina ambiri akale, ndipo akonzedwabe kufikira lero. Mmisiri angathe kukuikirani, koma yambani mwasunga zithunzi ndi makalata anu pa fulashi, cifukwa nchitoyi ingathe kufafaniza zonse. Muuzeninso ayese ngati Wi-Fi igwira asanatsirize.

Pa hotspot ndi pa MiFi ikani mau acinsinsi a zilembo ndi manambala osacepera 8, ndipo musankhe loko wochedwa WPA2, amene anayamba kugwira nchito m'caka ca 2004. Wakale uja wochedwa WEP athyoledwa mosabvuta. Musaike dzina la mwana wanu kapena caka cimene munabadwa, pakuti mudzi wonse uzidziwa. Khadi la SIM lilembetsedwe m'dzina lanu ndi citupa canu ca NRC, monga lamulo linena. Nambala yacinsinsi ya ndalama zanu musaipereke kwa munthu ali yense, ngakhale anene kuti acokera ku kampani ya foni. Acinyengo otere kawauzeni apolisi ndi bungwe la ZICTA, limene liyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno. Makolo, laputopu ikhale pa balaza pamene onse aiona, osati kucipinda kwa mwana usiku.

Magetsi ndi kasamalidwe

Batire la laputopu yakale kawirikawiri silisunganso moto. Ambiri a inu mudalira sola ndi batire la mavoti 12, pamene machaja ambiri a laputopu atulutsa mavoti 19 kapena pafupi ndi pamenepo. Musayese kulumikiza laputopu ku batirelo ndi mawaya anu. Gwiritsani nchito invata, kapena chaja yopangidwira galimoto imene igwirizana ndi manambala olembedwa kunsi kwa makina anu. Nyengo ya mvula, mukamva ziphaliwali, zulani chaja ku magetsi. Musaike laputopu pa matilesi kapena pa bulangete pamene iri kugwira nchito, cifukwa timabowo topumira titsekeka ndipo makina atentha. Mukatsiriza iphimbeni ndi nsaru yoyera, kuti pfumbi ndi mphemvu zisalowe.

Pogula

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lokongola si umboni wakuti cipangizo ndi cabwino. Nyamulani laputopu yanu popita kusitolo, ndipo cipangizoco ciyesedwe pamaso panu kufikira tsamba la pa intaneti litatseguka. Landirani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo ndi tsiku. Ngati mwagulitsidwa cinthu coonongeka ndipo mwini sitolo akana kukumverani, bungwe la Boma la Competition and Consumer Protection Commission lilandira madandaulo otere, koma lidzafuna kuona lisitilo.

Motero dongosolo lace ndi ili. Yesani netiweki ya kwanu ndi foni, funani kaswichi, yesani nthambo, ndipo mukatha zonsezi mpamene muyenera kutulutsa ndalama. Inu ana asukulu amene mwadziwa kale zinthu izi, werengerani makolo anu nkhani ino ndi kuthandiza anansi anu. Mlungu wa mawa tidzakambirana za kasankhidwe ka sola ndi batire zokwanira kuyatsa nyale, wailesi ndi laputopu pamodzi. Pitirizani kutilembera mafunso anu.